Ngozi ya sitima imene inabala malipoti a zachilengedwe

Masiku ano pafupifupi kampani iliyonse yaikulu imatulutsa lipoti lofotokoza mmene ikusamalira chilengedwe: utsi umene yachepetsa, madzi amene yapulumutsa, magetsi a dzuwa amene yagula. Mwambo umenewu si wakale, ndipo sunayambe chifukwa eni makampani anadzuka tsiku lina ali ndi mtima wabwino. Unayamba ndi tsoka.

Pa 24 Marichi 1989, pakati pausiku patangopitirira pang'ono, sitima yonyamula mafuta ya Exxon Valdez inagunda matanthwe a Bligh Reef m'nyanja ya Prince William Sound ku Alaska. Mafuta okwana malita pafupifupi 41 miliyoni anakhuthukira m'madzi n'kudetsa gombe la makilomita pafupifupi 2,000. Anthu anaonera pa TV akatumbu atamatika phula thupi lonse, mbalame zikulephera kutambasula mapiko, ogwira ntchito akutsuka miyala ndi mipope ya madzi otentha, ena akuipukuta umodziumodzi ndi nsanza. Akatswiri anayerekeza kuti mbalame za m'nyanja zimene zinafa zinali pafupifupi 250,000.

Ku Boston kunali mayi wina, Joan Bavaria, amene ntchito yake inali yoyendetsa ndalama za anthu ofuna kugula masheya m'makampani a khalidwe labwino. Iye anaona chimene olimbikitsa zachilengedwe ambiri sankachilabadira: mwini kampani weniweni si bwana wokhala mu ofesi, koma anthu a masheya, ndipo ambiri mwa masheyawo ali m'manja mwa matumba a penshoni ndi mipingo. Chaka chomwecho anasonkhanitsa osunga ndalama ndi mabungwe a zachilengedwe n'kupanga bungwe la CERES, limene linalemba mfundo 10 zotchedwa Valdez Principles. Zina mwa mfundozo zinali kuchepetsa zinyalala, kusawononga mphamvu, kukonza pamene kampani yawononga, ndiponso kutulutsa lipoti chaka ndi chaka loti aliyense awerenge.

Nzeruyi anaitengera kwa m'busa Leon Sullivan, amene mu 1977 analemba mfundo zoti makampani a ku America azitsata ku South Africa pa nthawi ya tsankho. Chosaiwalika n'chakuti m'busayo, patapita zaka 10, ananena poyera kuti mfundo zakezo sizinathetse tsankho, ndipo anauza makampani kuti angochokako basi. A CERES ankaidziwa mbiriyi, komabe anayesa.

Poyamba makampani akuluakulu anakaniratu. Maloya awo ankati kusaina pepala lotere n'kudzimangirira chingwe m'khosi, ndipo dzina loti Valdez lokha linkawanyansa. Dzinalo linasinthidwa n'kukhala CERES Principles, mawu ena anafewetsedwa, ndipo mu 1993 kampani ya mafuta ya Sun, imene pano timaidziwa kuti Sunoco, inakhala yoyamba mwa zimphona kuvomera. General Motors inatsatira mu 1994. Apa m'pamene panabadwira mkangano umene ulipo mpaka lero. Ena ankati kukhala pamphasa imodzi ndi makampani ndiyo njira yowasinthira. Ena ankati bungwe likafewetsa mfundo kuti wamkulu asaine, ndiye kuti wasintha bungwe ndi wamkuluyo.

Panabukanso vuto lina. Kampani iliyonse inkalemba lipoti mmene yafunira, kusankha manambala oikomera n'kusiya oichititsa manyazi, moti sukanatha kuyerekeza ziwiri. N'chifukwa chake mu 1997 CERES ndi bungwe lofufuza la Tellus Institute anayambitsa Global Reporting Initiative, mothandizidwa ndi nthambi ya United Nations yoona zachilengedwe ya UNEP. Malangizo ake oyamba anatuluka mu 2000, ndipo mu 2002 bungweli linakakhazikika ku Amsterdam. Cholinga chinali chakuti utsi, madzi ndi ngozi za pantchito ziziwerengedwa ndi muyeso umodzi, monga zimakhalira ndi ndalama.

M'zaka zomwezo mabungwe otere anamera ngati bowa. Forest Stewardship Council (FSC), yoona za kasamalidwe ka nkhalango, inayamba mu 1993, msonkhano wa mayiko wa zachilengedwe wa ku Rio wa 1992 utalephera kupanga pangano lomanga mayiko pa nkhalango, ndipo inabwera ndi kachizindikiro kamene timakaona pa mapepala ndi matabwa. Kofi Annan, mlembi wamkulu wa United Nations pa nthawiyo, analankhula ndi akuluakulu a bizinesi ku Davos ku Switzerland mu 1999, ndipo mu Julayi 2000 UN Global Compact, pangano limene makampani amalonjezamo khalidwe labwino, inakhazikitsidwa ndi mfundo 9. Ya nambala 10, yokhudza ziphuphu, anaiwonjezera mu 2004. Kampani imalowa mwa kufuna kwake, ndipo chilango chachikulu n'kufufutidwa m'kaundula ikaleka kutumiza lipoti. Wapolisi wokayendera fakitale palibe.

Kodi n'zachiphamaso zokhazokha? Ine sindikuona choncho, chifukwa manambala amene makampani anayamba kuulula ndi omwewo amene atolankhani ndi eni masheya amawakola nawo. Koma otsutsa ali ndi umboni wolemera. Mu 2000 kampani ya mafuta ya BP inadzitcha "Beyond Petroleum" (kutanthauza kupitirira mafuta) n'kuika duwa lobiriwira pa chizindikiro chake. Mu 2010 nsanja yokumbira mafuta ya Deepwater Horizon, imene inkakumba chitsime cha BP, inaphulika, anthu 11 anafa, ndipo mafuta amene anatayika anaposa a Exxon Valdez kutalitali. Mu Sepitembala 2015 Volkswagen inatchulidwa kuti ndiyo yotsogola pakati pa opanga magalimoto pa mndandanda wa makampani osamala chilengedwe wa Dow Jones Sustainability Index. Mwezi usanathe zinaululika kuti magalimoto ake a dizilo okwana 11 miliyoni anali ndi pulogalamu yobisa utsi pa nthawi yoyezedwa. Amene anaigwira si owerenga malipoti ayi, koma ofufuza a pa West Virginia University amene anamangirira zida zoyezera kumbuyo kwa galimoto n'kuyenda nayo pamsewu. Greenpeace International nayo, imene inali m'gulu la oyambitsa FSC, inasiya umembala mu 2018.

Pa nkhani ya magetsi osadetsa mpweya, chimene chinagwetsa mitengo ya mapanelo a sola si malonjezo a makampani. Lamulo la ku Germany la mu 2000 linatsimikizira aliyense wopanga magetsi a dzuwa ndi mphepo mtengo wokhazikika kwa zaka 20, ndipo mafakitale a ku China anayamba kupanga mapanelo ochuluka zedi. Bungwe la mayiko lolimbikitsa magetsi otere la IRENA, lomwe likulu lake lili ku Abu Dhabi, linabwera pambuyo, mu 2009.

Ku Alaska nakonso, chimene chinasintha kapangidwe ka sitima ndi lamulo la Oil Pollution Act la 1990, limene linakakamiza kuti sitima za mafuta zikhale ndi makoma awiri. Mlandu umene asodzi anasumira Exxon, mwini sitimayo, sunawole, koma unaonda: khoti linagamula mu 1994 kuti Exxon ilipire madola 5 biliyoni monga chilango, ndipo mu 2008 khoti lalikulu la America linatsitsa ndalamazo kufika pa madola pafupifupi 507 miliyoni, odandaula masauzande angapo atamwalira kale. Chaka chomwecho Joan Bavaria nayenso anamwalira.

European Union inavomereza mu 2022 lamulo loti malipoti a zachilengedwe akhale okakamiza kwa makampani akuluakulu ochuluka kuposa kale, osatinso mwa kufuna kwawo. Pofika 2025, makampani ndi maboma ena atadandaula za kuchuluka kwa mapepala, inaimitsa kaye mbali ina ya lamulolo kwa zaka ziwiri.