Mkangano wa pa Lizulu: chuma chimagwa kwa amene chipani chake chaluza

Pa Lizulu, pomwe msewu wa M1 uli ngati malire a Malawi ndi Mozambique, pali madala awiri omwe ndinawapeza akukangana za chuma ndili kamnyamata konyamulira mayi anga dengu la tomato. Wina ndi wa mbatatesi, kwawo cha ku Bembeke, tambala wakuda ali m'magazi. Mnzakeyo ndi wa kabichi ndi anyezi, wochokera kumtunda kwa Tsangano, ndipo makaka anavalapo achikasu, kenako abuluu. Mawu awo ndi omwewo zaka zonsezi, amangobwerekana. Amene chipani chake chili m'boma amati, "Pirirani achimwene, zikuwongokera." Winayo amati, "Dziko lapita ili." Mavoti akawerengedwa, asinthana pakamwa.

Khalidweli silinayambe dzulo. Nthawi ya Kamuzu chuma sichinali nkhani ya pamsika. Wailesi inali imodzi, MBC, ndipo Ngwazi inkati anthu ake ali ndi chakudya, zovala ndi nyumba zosadontha. Wofuna kunena kuti kwathu kuli njala ankayamba wacheuka kuona ngati ayufi ali pafupi. Kwa a ku Dedza inalinso nkhani ya pachibale, poti a John Tembo, mwana wa ku Dedza komweko, anali gavanala wa Reserve Bank kuyambira 1971, chaka chimene kwacha inalowa m'malo mwa paundi, mpaka 1984. Kunyoza kwacha kunali kunyoza mwana wa pamudzi. Maepisikopi a Katolika atatulutsa kalata yawo pa 8 Malichi 1992, yodandaula zambiri kuphatikizapo kusiyana kwa olemera ndi osauka, boma linati n'kuukira.

Matipate atabwera pakamwa panamasuka, koma lilime linatsata chipani. Kwacha inasiyidwa kuti iziyenda ndi msika mu Febuluwale 1994, Kongeresi ikadali m'boma, koma ululu wake anthu anaumva a Bakili Muluzi atalowa mu Meyi. Mpaka lero madala aja sanamvane kuti mlandu umenewo ndi wa yani.

Chaka chimene masewerawa anapha anthu ndi cha 2001 kulowa 2002. Chimanga cha m'nkhokwe za boma, matani oposa 160,000, chinali chitagulitsidwa. Boma linkati IMF, bungwe la padziko lonse lobwereketsa ndalama ku mayiko, ndiyo inalangiza. IMF inkati inangoti chepetsani, osati sesani. Pamwamba pa apo, ziwerengero za unduna wa zaulimi zinakokomeza chinangwa ndi mbatata, mwakuti papepala dziko linkaoneka lokhuta. Ansembe ndi mabungwe anayamba kuchenjeza mvula isanagwe, koma wochenjeza ankangotengedwa ngati wotsutsa boma. Ndimakumbukira mdala wa kabichi uja akuuza mnzake kuti njala ili m'kamwa mwa a Kongeresi basi. Sabata yomweyo kwathu tinkadya nsima ya madeya, ndipo mayi ankakumba zitsa za nthochi kuseri kwa khola, usiku, kuopa manyazi. A Muluzi anavomereza kuti dziko lili pa ngozi kumapeto kwa Febuluwale 2002, anthu mazanamazana atapita kale kumanda.

Kenako inabwera nthawi ya a Bingu wa Mutharika: sabuside ya feteleza kuyambira 2005, ngongole zakunja kukhululukidwa mu 2006, nkhokwe kudzaza. Apa mdala wa mbatatesi ndiye anauma mutu. Makuponi ankalandira, chimanga ankakolola, koma ankalumbira kuti manambala onse ndi ophika ndipo chaka chamawa tilira. Chaka chamawacho chinachedwa mpaka 2011, pamene mafuta ndi ndalama zakunja zinasowa, malole a mbatatesi n'kumagona pamzere pa filing'i siteshoni katundu akuwola. Anavina ngati mlosi. Sindimuwerengera zimenezo: wolosera maliro chaka ndi chaka, tsiku lina adzalondola ndithu. Mnzake nayenso ankati ndi nsanje ya azungu chabe.

Muyeso wabwino wa madalawa ndi kugwetsa kwacha. A Bingu anakana kuigwetsa kwambiri mpaka imfa yawo mu Epulo 2012. Pa 7 Meyi chaka chomwecho boma la mayi Joyce Banda linaitsitsa, dola kuchoka pa K168 kufika pa K250. Wa kabichi anati agulitsa dziko kwa IMF; wa mbatatesi, poti sichinali chipani chake, anavomera naye, ndipo ndi chaka chokhacho chimene ndinawaona akumwera chikho chimodzi cha thobwa popanda phokoso. Mu Novembala 2023 boma la a Lazarus Chakwera linaitsitsa ndi 44 peresenti, dola kufika pafupifupi K1,700. Pamenepo wa mbatatesi anasanduka mphunzitsi wa zachuma, kumafotokoza kuti mankhwala owawa ndiwo amachiza.

Chimene chimapatsa onse awiri pothawira ndi manambala enieniwo. Chuma cha dziko lonse chinabwerera m'mbuyo mu 1992, 1994 ndi 2001. Kuchokera apo chakhala chikukwera chaka chilichonse, ngakhale kuti mu 2020 ndi 2022 sichinafike ndi pa 1 peresenti pomwe. Koma anthu timachuluka ndi 2.5 peresenti kapena kuposerapo pachaka. Ndiye wa boma akati chuma chakula sananame, ndipo wotsutsa akati munthu wasauka sananamenso. Aliyense amangotola nambala yomukomera. Akatswiri ena a pawailesi ndi pa Facebook amachita chimodzimodzi, kungoti iwo amavala tayi, ndipo ena boma likasintha umawamva ali m'bodi ya kampani ya boma, mawu atafewa.

Zisankho za pa 16 Seputembala 2025 zitabwezera a Peter Mutharika pampando, ndinaima pa Lizulu kugula ndiwo. Wa kabichi anali akuti zikuwongokera, wa mbatatesi akuti dziko lapita. Mnyamata wosintha ndalama atadutsa, onse awiri anamukodola, kumufunsa kuti metikali ili pa zingati lero ndi kuti thumba la feteleza tsidya lija likupita bwanji. Atamva, anayang'anana, aliyense n'kuchotsako pang'ono pamulu wake. Ine ndinalipira mtengo wadzulo, koma jumbo linapepuka.