Madzi otuluka m'thanki ya chimbudzi: ayeretseni ndi dambo la bango

Thanki ya pansi yolandira zonyansa za m'chimbudzi chogejemula (septic tank) imangosunga zolemera pansi, mafuta n'kuyandama pamwamba. Madzi amene amatuluka amaoneka oyererako, koma amakhala akadali ndi tizilombo ta kolera, taifodi ndi kamwazi, komanso mazira a njoka za m'mimba. Kumalo a dothi la makande, kapena kumene madzi ali pafupi pansi, dzenje lomwetsa madziwa limadzaza msanga nthawi ya dzinja, uve n'kuyenderera mpaka kuchitsime ndi kumene ana amasewera. Tisaiwale kuti kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno.

Njira imodzi yothandiza ndi kupanga dambo laling'ono kuseri kwa thanki. Kumbani dzenje lakuya masentimita 60, lalikulu pafupifupi masikweya mita 5 pa munthu aliyense wa pakhomopo. Pansi ndi m'mbali yalani pulasitiki yolimba kapena tsindirani dongo kuti madzi asalowe m'nthaka. Dzazanimo miyala ya kware yotsuka bwino, kenaka bzalani bango, gumbwa kapena vetiva. Madzi alowe mbali imodzi, atulukire mbali inayo patatha masiku angapo. Ntchito yaikulu imagwiridwa ndi mabakiteriya abwino okhala pa miyala ndi pa mizu, amene amadya zonyansazo; zomera zimawapatsa pokhala ndipo zimamwako manyowa.

Apa m'pofunika kusamala kwambiri: madzi aziyenda pansi pa miyala, osaonekera pamwamba ayi. Akangodikha poyera, mwapangira udzudzu poswanirana, ndipo pothawa kolera mwaitana malungo. Mukaona madzi akutumphukira pamwamba, miyala yatsekeka, kawirikawiri chifukwa thanki yadzaza. Ipopetseni zaka zitatu kapena zisanu zilizonse.

Namasupuni musamubzale, chonde. Amamwadi zonyansa, koma amafuna madzi a poyera, ndipo akathawira kumtsinje amafalikira ngati mmene anatsekera Shire.

Dambo likhale kutali ndi chitsime kapena mjigo, mamita osachepera 30, ndipo litchingidwe ndi mpanda kuti ana ndi ziweto asafikeko. Podula bango valani magolovesi ndi majombo, mukatha sambani m'manja ndi sopo.

Madzi otulukamo si akumwa, osamba kapena otsukira mbale. Thirirani mitengo ndi nthochi, osati tomato kapena ndiwo zamasamba zodya zosaphika. Musanayambe kukumba, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti adzaone malowo.