Atomu si kamwala kosagawika

Ambiri tinakula tikumva kuti atomu ndiye kanthu kochepetsetsa padziko, kolimba ngati kamwala, kosatheka kukagawa. Ngakhale dzinalo linachokera ku mawu achigiriki otanthauza chinthu chosaduleka. Koma maganizo amenewa anagwa kalekale.

Mu 1897, wasayansi J.J. Thomson anapeza ma elekitironi, tizinthu tochokera m'kati mwa atomu momwemo. Kenako mu 1911 Ernest Rutherford anafotokoza zimene zinaoneka anzake atawombera tizinthu ting'onoting'ono pa golide wopsapsala kuposa pepala. Pafupifupi tonse tinangodutsa ngati palibe chotchinga, koma towerengeka tinanjanja n'kubwerera kumene tinachokera. Apa mpamene zinadziwika kuti mbali yaikulu ya atomu ndi malo opanda kanthu, ndipo kulemera kwake kunaunjikana pakati, mu nyukiliyasi. Atomu itakula ngati bwalo la mpira, nyukiliyasiyo ingangokhala ngati kanjere pakati pa bwalolo. Kanjere basi!

Mu nyukiliyasimo muli tizinthu totchedwa ma pulotoni ndi ma nyutuloni. Ma nyutuloniwo anawapeza ndi James Chadwick mu 1932. Chiwerengero cha ma pulotoni ndicho chimasiyanitsa zinthu: kaboni ali nawo 6, okosijeni 8, golide 79.