Kugona nthawi yaitali kumadya mafupa ndi minofu: uthenga kwa osamalira odwala m'Zomba

Mu Seputembala 2023, Frank Rubio wa ku America anatera ku Kazakhstan atakhala masiku 371 mumlengalenga. Ndi msilikali, ndiponso dokotala, munthu wathanzi lake. Koma atatuluka m'chombo anachita kumunyamula.

Kumene anali, pa International Space Station, malo ochitira kafukufuku amene amazungulira dziko lapansi, makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi pano, munthu amangoyandama, miyendo sinyamula kanthu. Tsono thupi limayamba kutaya zimene silikugwiritsa ntchito. Mafupa a m'chiuno ndi m'miyendo amaperepeseka ndi 1 peresenti kapena kuposerapo mwezi uliwonse, ndipo kashiyamu wake, mchere umene umalimbitsa mafupa, amatuluka ndi mkodzo. Minofu imaphwa. Mtima umazolowera ntchito yopepuka, moti munthu akabwerera n'kuimirira, magazi amathamangira kumiyendo, iye n'kumva chizungulire. Anthu opita mumlengalenga amachita masewera olimbitsa thupi pafupifupi maola awiri tsiku lililonse ali komweko, komabe akafika, bungwe la ku America loona za maulendo a mumlengalenga la NASA limawapatsa masiku 45 a mafizo.

Nkhaniyi ikutikhudza ife a ku Chinamwali, ku Sadzi ndi ku Matawale. Asayansi akafuna kuona zimene mlengalenga umachita m'thupi, amagoneka anthu athanzi pabedi milungu yambiri osadzuka, ndipo mafupa ndi minofu yawo imafooka chimodzimodzi. Nanga agogo amene atuluka m'chipatala atadwala sitiroko, kapena bambo amene TB yamugwetsa pamphasa mwezi wathunthu?

Timawakonda odwala athu. "Musadzuke agogo, ndikubweretserani." Phala timawamwetsa ali chigonere, madzi osamba tiwapititsira pomwepo, chitseko n'kutseka kuti mphepo isawawombe. Chisoni chimenechi n'chabwino, koma chikapitirira chimawalanda miyendo. Matenda amatha, munthu n'kutsala osatha kufika kuchimbudzi yekha. Kwa okalamba kufookaku kumayamba m'masiku ochepa chabe, ndipo kubwezeretsa mphamvu kumatenga nthawi yaitali kuposa imene zinatayikira.

Choyamba funsani adokotala kapena a mafizo zimene wodwala wanu akuloledwa kuchita. Amene wathyoka msana, chiuno kapena wangochitidwa opaleshoni ali ndi malamulo akeake, musawaphwanye. Akakulolani, yambani lero.

Amene sangathe kudzuka muzimutembenuza maola awiri aliwonse, usiku womwe. Yang'anani pamatako, m'chiuno, pazidendene ndi pamapewa. Khungu likada, likatentha kapena kunyuka, chilonda chayamba. Nsalu yogonera ikhale youma ndi yopanda makwinya. Mupindeni ndi kumuwongola mawondo, zigongono ndi zala pang'onopang'ono kangapo patsiku, osakakamiza pamene pakupweteka. Pakudya mukhazikeni tsonga, mutsamiritse kukhoma ndi pilo. Kudya chogona kumatsamwitsa, ndipo chakudya chikalowa m'mapapo chimabweretsa chibayo.

Podzuka musafulumire. Ayambe wakhala m'mphepete mwa bedi, miyendo ili pansi, mphindi zingapo. Chizungulire chikatha aimirire mutamugwira m'chiuno, osamukoka dzanja, makamaka dzanja lofooka ndi sitiroko. Lero afike pachitseko, mawa pakhonde, mkuja pamtengo wa mango. Ndodo si yochititsa manyazi. Chotsani mitondo, zidebe ndi nkhuni m'njira yake, chifukwa kuno kuli zitunda ndipo nthawi ya mvula pabwalo pamaterera. Fupa loperepeseka silichedwa kuthyoka.

Pakhondepo aothereko dzuwa la m'mawa, limathandiza thupi kupanga vitamini D amene mafupa amafuna. Matemba a ku Chilwa ndi usipa, zodyedwa ndi minga yomwe, zili ndi kashiyamu wambiri. Kwa wovutika kutafuna, sinjani muthire m'phala kapena m'ndiwo. Bonongwe, mkaka, mazira, nyemba ndi nsinjiro zisasowe, ndipo madzi akumwa akhale pafupi.

Thamangirani kuchipatala chapafupi kapena ku Zomba Central Hospital mukaona mwendo umodzi watupa, ukutentha ndi kupweteka, chifukwa mwina magazi aundana mumtsempha. Mwendo wotero musausisite. Chitaninso chimodzimodzi wodwala akayamba kubanika mwadzidzidzi, kumva kupweteka pachifuwa, kutsokomola ndi kutentha thupi, kukomoka poimirira, kapena chilonda chikayamba kutuluka mafinya ndi kununkha.