Roketi si ya boma lokha ayi

Anthu ambiri amaganizabe kuti injini ya roketi imapangidwa ndi boma basi, la America kapena la Russia. Maganizo amenewa ndi achikale. Pa 28 September 2008, roketi ya Falcon 1 ya kampani ya ku America ya SpaceX inafika m'mlengalenga n'kuyamba kuzungulira dziko, itakanika katatu konse. Injini yake ya Merlin inapangidwa ndi kampaniyo, ndipo imayaka ndi mafuta ofanana ndi palafini osakaniza ndi okosijeni wozizira mpaka kusanduka madzi.

Chomwe chimandigwira mtima ine ndi cha mu December 2015. Chigawo cham'munsi cha Falcon 9, roketi ina ya SpaceX, chinabwerera ku Cape Canaveral, malo oulutsira maroketi ku America, moto ukulavulira pansi, miyendo inayi itatambasuka, n'kutera chilili. Kale chigawo chotere chinkangotayika m'nyanja ndi injini zake zodula.

Komatu boma silinachokemo. NASA, nthambi ya boma la America yoona za mlengalenga, ndiyo inapatsa SpaceX kontrakiti ya madola 1.6 biliyoni mu December 2008. Ndipo ulendo wa alendo okacheza m'mlengalenga ukadali wa anthu olemera kwambiri. Wa Blue Origin, kampani ina ya maroketi, umatha mphindi pafupifupi 11, munthu n'kukhala wabwerera kale pansi.