Mafiti 30 mukukatani kumwambako?

September akangofika, funso limene ndimalandira kwa alenje a agwape kuno ku Michigan, m'dziko la America, ndi limodzimodzi: "Aphunzitsi, nsanja yosakira ya mumtengo ndiikweze mpaka pati?" Ndisanatsegule pakamwa, wina amakhala atayankha kale kuti mafiti 30, poti anaonera pa YouTube kuti ukakwera motero gwape samva fungo lako. Ndaphunzitsa alenje atsopano kwa zaka zambiri, ndipo yankho limeneli landitopetsa.

Pamalo ambiri, mafiti 15 mpaka 20, omwe ndi mamita pafupifupi 5 mpaka 6, akwanira. Chimene chimabisa mlenje mumtengo ndi zimene zili kumbuyo kwake. Gwape wa kuno, wa mtundu wa whitetail, amadzutsa mutu n'kuyang'ana m'mwamba, makamaka m'nkhalango zimene anthu amasakamo chaka ndi chaka. Akaona chinthu chakuda chitatsamira pa mtengo wowonda, kumbuyo kuli thambo loyera, ndiye kuti mwaululika, kaya muli pa mafiti 12 kaya 30. Funani mtengo wonenepa kuposa mapewa anu, wokhala ndi mphanda, kapena woyandikana ndi paini amene sayoyola masamba. Nsanja ikhale pamene nthambi zikukuphimbani, ngakhale pakhale pa mafiti 14. Ndipo kumbukirani kuti mtengo umene unali wa masamba pa 1 October, tsiku loyamba la alenje a uta, umakhala mbee pofika pa 15 November pamene a mfuti akulowa m'tchire.

Za fungo, musadzinamize. M'mawa dzuwa likayamba kutentha mpweya umakwera, koma madzulo ukazizira umatsika ndi fungo lanu lomwe, n'kuyenderera kunsi kwa phiri ngati madzi. Mankhwala opopera amene amagulitsidwa kuti amafafaniza fungo la munthu sangakupulumutseni ngati mphepo ikuwombera kunjira ya agwape. Pa malo otsetsereka, njira ikakhala kumtunda kwa mtengo wanu, gwape mudzaonana naye maso ndi maso muli pa mafiti 20.

Kukwera kwambiri kumawononganso kalasidwe. Muli pa mafiti 30, gwape ali mayadi 10 (omwenso ndi mafiti 30) kuchokera patsinde, muvi umatsika pa madigiri 45. Msana ndi phewa zimatchinga, ndipo muvi umaboola papo limodzi lokha. Nyama yotero imathamanga mtunda wautali, magazi osaoneka pansi, n'kukafera kumene simudzaipeza. Muli pa mafiti 18, gwape ali pa mayadi 20, muvi umadutsa mapapo onse awiri n'kutulukira mbali inayo.

Koma chimene chimandisowetsa tulo si gwape wotayika. Ndi bambo wina amene anakhalapo m'kalasi mwanga, munthu wa ana atatu, wogwira ntchito yonyamula katundu. Anaika nsanja yake pafupifupi mafiti 28. Malamba a harness, omanga thupi kuti munthu asagwe pansi, anavala ndithu, koma anazolowera kudzimangirira ku mtengo atakhala kale pansanja. Tsiku limenelo kunali chisanu, ndipo phazi linaterereka pochoka pa makwerero kulowa pansanja. Pamenepo, komanso pokwera ndi potsika, m'pamene anthu ambiri amagwera. Munthu wogwa kuchokera pa mafiti 20 amafika pansi pa liwiro la makilomita pafupifupi 39 pa ola, wa pa mafiti 30 pafupifupi 48.

Anadzuka yekha, nayenda mpaka pa galimoto. Poopa bilu ya kuchipatala anapita kunyumba, mayi akunyumba anamuthowa msana ndi madzi otentha, namwa mapiritsi opha ululu. Usiku anakomoka ku bafa. Kapamba anali atang'ambika, magazi akutayikira m'mimba maola onsewo, ndipo fupa limodzi la msana linali litasweka. Anapulumuka, koma madokotala anamuchotsa kapamba, ndipo ntchito ija sanabwererenso. Ndimakumbukira kuti m'kalasi tinakangana nthawi yaitali za mafiti, pamene za chingwe chodzimangirira ku mtengo ndinangodutsapo mwachidule. Masiku ano ndimayambira pa chingwe.

Abale anga, mukagwa mumtengo, imbani 911, nambala ya zangozi kuno ku America, ngakhale mukuona ngati muli bwinobwino. Kutha kuyenda si umboni woti m'kati muli bwino. Kuthowa, kusisita, kapena kupita kwa munthu woti akakuwongoleni msana musanajambulidwe kuchipatala kungathe kusuntha fupa losweka n'kukupuwalitsani miyendo. Kupweteka kwa m'mimba kumanzere kapena kwa phewa lamanzere, chizungulire, dzanzi m'miyendo, zonsezi si zodikira kuti kuche.

Chingwe chotetezera chotchedwa lifeline, chokhala ndi mfundo ya Prusik (imene imayenda mukaikankha ndi dzanja koma imagwira mukagwa), chimangidwe kuchokera pamwamba pa nsanja mpaka patsinde, ndipo mudzikoleke phazi lisanachoke pansi. Lamba wa m'chiuno wokha, wa makedzana uja, tayani. Uta kapena mfuti yopanda chipolopolo ikwere ndi chingwe chake inu mutakhala kale pansanja. M'thumba la pachifuwa mukhale foni ndi lamba wopondapo mukagwa n'kulendewera, chifukwa kulendewera pa harness nthawi yaitali kumaunjika magazi m'miyendo mpaka munthu kukomoka.

Mtengo womwewo muuyang'ane. Kachirombo ka emerald ash borer, kamene kanapezeka koyamba kufupi ndi Detroit mu 2002, kapha mitengo ya ash yosawerengeka m'boma lino, ndipo yambiri idakaimirira ili youma. Malamba a nsanja amene agona panja chaka chathunthu amafumbwa ndi dzuwa, agologolo amawatafuna, mtengo ukamakula amakokeka. Asintheni nyengo isanayambe. Ndipo musanachoke pakhomo, wina adziwe mtengo weniweni umene mukakwere ndi ola limene mubwerere.