Mawu a Chingerezi akuti grass si udzu wokha

Pantchito yanga yomasulira nkhani za Chingerezi m'Chichewa ndaona kuti mawu amene amagwetsa anthu si ataliatali aja. Ataliatali timawaopa, ndiye timatsegula dikishonale. Otigwetsa ndi afupiafupi, amene tinawaloweza kupulayimale n'kuganiza kuti tinathana nawo. Amodzi mwa iwo ndi grass. Mwana wa Sitandade 3 angakuuzeni kuti ndi udzu, ndipo sanalakwe, koma wanena mbali imodzi yokha.

Vuto limayambira pakamwa. M'Chichewa l ndi r sizisintha tanthauzo la mawu, n'chifukwa chake ambirife timatchula grass ndi glass mofanana. Kwa Mngerezi woyambayo ndi udzu, wachiwiriyo ndi galasi kapena tambula. Wophunzira aliyense ayenera kuyeserera mawu awiriwa mpaka lilime litazolowera.

Mawuwa ndi akale kwambiri, ndipo akatswiri a zinenero amati anachokera ku muzu umodzi ndi grow, kukula, komanso green, mtundu wobiriwira. Kuchokera kwa grass yemweyo kunabadwa graze, kudya msipu kwa ziweto. Choncho Mngerezi akamva grass amaganiza kaye za chinthu chobiriwira, chamoyo, makamaka kapinga wa pabwalo. Chikwangwani chakuti "Keep off the grass" chikuletsa kuponda kapinga. Ku Wimbledon, kumene mpikisano wa tenisi unayamba mu 1877, amasewerabe pa kapinga wometedwa kufika mamilimita 8.

Ife udzu timauona mwina. Udzu ndi umene umatilanda tulo m'nyengo yopalira, ndiponso ndi umene timamweta kukafolera nyumba. Apa womasulira asamale. Mlimi akati "udzu wandikulira m'munda", mawu oyenera ndi weeds, chifukwa akunena zomera zosafunika. Udzu woumitsa kuti ng'ombe zidzadye m'chilimwe ndi hay, mapesi a tirigu kapena a mpunga ndi straw, denga la udzu ndi thatch. Kumbali yathu nakonso tili ndi chuma chimene Chingerezi chimachiphimba ndi liwu limodzi: kapinga, msipu, tsekera, nsenjere. Zimandipweteka ndikaona nkhani yomasuliridwa ikungoti udzu, udzu, pamene wolemba amanena za msipu wa kudambo.

Pagalamala, grass sawerengeka ngati mbuzi. Simunganene "two grasses" pofuna kutanthauza timaudzu tiwiri. Kaudzu kamodzi ndi "a blade of grass". Mukaona grasses, dziwani kuti akukamba za mitundu ya udzu, ndipo apa asayansi amadabwitsa ambiri. M'banja la zomera lotchedwa Poaceae muli mitundu yoposa 10,000, ndipo chimanga, mpunga, tirigu, mapira, mawere, nzimbe ngakhalenso nsungwi zonse zili momwemo. Buku la zaulimi likati chimanga ndi grass silikunyoza chakudya chathu, likunena mtundu wake.

Tsopano tifike pamene pali ngozi yeniyeni. M'chiyankhulo cha m'misewu, makamaka ku America, grass ndi chamba, monga ife timanenera kuti fodya wamkulu. Munthu wosamudziwa akakufunsani ngati mukufuna grass, sakugulitsa kapinga.

Ku Britain mawuwa ali ndi tanthauzo lina lolemera kwambiri, limene abale athu okhala ku London, Manchester kapena Glasgow ayenera kulidziwa. "A grass" ndi munthu wokaneneza anzake kupolisi, ndipo "to grass someone up" ndi kumuulula mnzako kwa akuluakulu. Ambiri amakhulupirira kuti linachokera ku chizolowezi cha anthu a ku London chobisa mawu m'mawu ena omveka mofanana: wapolisi ankatchedwa copper, ndipo grasshopper, chiwala, amamveka ngati copper, kenako mawuwo anafupikitsidwa kukhala grass. M'zaka za m'ma 1970 manyuzipepala anayamba kulemba supergrass ponena za chigawenga choulula anzake ambiri kuti chilango chake chichepe, ndipo m'ma 1980 makhoti a ku Northern Ireland anazenga milandu ikuluikulu podalira mboni zotere. Mwana wanu akabwera kusukulu akulira kuti anzake akumutcha grass, musaseke poganiza kuti amutcha udzu. Akumusala ngati kazitape, ndipo nkhaniyo ndi yofunika kukambirana ndi aphunzitsi.

Zining'a zake n'zambiri, koma ndingotchula zimene mumakumana nazo m'nyuzi. "A snake in the grass" ndi munthu wachinyengo wobisala ngati bwenzi. Wantchito akakhala "put out to grass" ndiye kuti amupumitsa chifukwa cha ukalamba, ngati kavalo wotopa womusiya kumsipu. Andale a ku Britain akaponya nkhani "into the long grass", aikankhira kutsogolo kuti iiwalike. Pa intaneti achinyamata amauzana "touch grass", kutanthauza kuti siya foni, tuluka panja ukaone dziko.

Amene ndimalimbana nawo kwambiri ndi grassroots, mawu amene sasowa m'malipoti a mabungwe ndi m'misonkhano ya zipani kuno kwathu. Anatchuka m'ndale za ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo ankanena za mphamvu yochokera kwa anthu wamba, yomera yokha ngati mizu m'nthaka. Ena amamasulira kuti "anthu apansi", koma m'Chichewa mawu amenewo amanunkha chipongwe, pamene m'Chingerezi muli ulemu. Ine ndimalemba kuti "anthu eniake a m'madera", kapena "chitukuko choyambira kumudzi", malinga ndi chimene chiganizocho chikunena.